Chabwino N'cha Mlendo

Mukafuna kukafika ku ufumu wa Sungirani musavutike kufunsa mapu, chifukwa mapu abwino a dzikolo anawatsekera m'kabati kudikira alendo. Inu ingoyendani mpaka mutakumana ndi munthu akupsa mapazi pa mchenga wotentha, nsapato zatsopano atazinyamula m'manja. Mukamuona ameneyo dziwani kuti mwafika.

Anthu a ku Sungirani ali ndi mwambo umodzi umene amaulemekeza koposa maliro: chabwino n'cha mlendo. Kapu yagalasi n'ja mlendo, bulangete losabooka n'la mlendo, sopo wonunkhira ndi tambala wonenepa n'chimodzimodzi. Kumaiko ena anthu amachitako zimenezi mwaulemu chabe, koma ku Sungirani agogo ake a mfumu anazilemba m'buku la malamulo. Munthu akapezeka atakhalira mpando wake wa khushoni pakhomo palibe mlendo, nkhani yake imakathera pabwalo. Kuli anthu kumeneko amene anabadwa, kukula, kukalamba mpaka kutsikira kuli chete asanamvepo mmene matiresi awo amamvekera kumsana. Ndipo musawamvere chisoni, eni akewo amanyadira.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Tandioneni Wachitatu, munthu wamtima wabwino ndithu, amene vuto lake linali limodzi: ankakhulupirira kuti chinthu chimene sichinajambulidwe sichinachitike. Chaka china anapita ku msonkhano wa mafumu kutsidya kwa nyanja, ndipo mayi wina wa magalasi anamufunsa pagulu kuti m'dziko mwake ndi atsikana angati amaphunzira sayansi.

"Ambirimbiri," inatero mfumu.

"Tidzabwera tidzawaone," anatero mayiyo akulemba m'kabuku.

Mfumu inabwerera ku likulu lake la Tiwaonetse nkhope itagwa, ndipo isanavule n'chipewa chomwe inaitanitsa bwalo la nduna.

"Nduna zanga," inayamba motero, "ndanena pamaso pa dziko lonse lapansi kuti tili ndi atsikana a sayansi ambirimbiri. Tsono mfumu sinama. Mfumu ikanena chinthu ndipo chinthucho palibe, cholakwa ndi chinthucho."

"Ndavomera, Mwini Dziko," anatero a Ndavomera, Nduna ya Maphunziro ndi Maloko, amene dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo analiiwala.

Nduna ina inati kuphika thobwa ndi sayansi kale, kungofunika kulengeza. Ina inati atenge anyamata a m'tauni awaveke masiketi tsiku la alendolo, koma inakumbutsidwa za ndevu. Mfumu inamenya ndodo pansi.

"Timange labotale! Osati kuno ku Tiwaonetse, ayi. Alendo amakonda kujambula kumene kuli fumbi. Kodi kotsalira kwambiri m'dziko langa n'kuti?"

Nduna zinayang'anana, pakuti panalibe imene inafikako. Mlonda wa pakhomo ndiye ananena kuti kuli midzi iwiri, Pathamsewu ndi Kuseri, yoyang'anizana pa mtsinje wa Vulansapato, ndipo kuti midziyo imakangana chaka ndi chaka kuti woiwalidwa kwambiri ndi uti. Pofuna kupewa nkhondo mfumu inalamula kuti amange konsekonse. Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira.

Labotale zinamangidwa pa masukulu a midzi iwiriyo, ndipo kunena zoona zinali zokongola. Padenga panali sola, mkati makompyuta makumi awiri, mabotolo a mankhwala pa mashelefu, ndi makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, aja amati maikulosikopu, chilichonse chili m'pulasitiki yake. Pa tsiku lotsegulira atsikana anavina kuyambira mmawa mpaka mfumu inafika masana, ndipo inayankhula maola awiri. Inati mtsikana wa ku Sungirani adzapita kumwezi, ndipo akakafika akapereke moni wa mfumu. Atsikana anavekedwa magauni oyera kwa nthawi imene wojambula anafunikira, kenako magauniwo anapindidwa. Fumbi la galimoto ya mfumu lisanakhazikike, a Ndavomera anakhoma loko pachitseko n'kupereka kiyi kwa ahedi.

Musaganize kuti panali nkhanza. Munthu woleredwa bwino sangapereke chinthu chokongola chotere kwa ana a pakhomo. Ahedi a ku Pathamsewu, a Mpiringidzo, anamangirira kiyiyo m'khosi ndi chingwe, ndipo ngakhale posamba sankamuvula.

Atsikana ankalowamo Lachisanu lililonse kukakolopa ndi kupukuta fumbi pa mapulasitiki. Sayansi yeniyeni ankaphunzira pansi pa mtengo wa mango kwa Mayi Likoswe, mphunzitsi mmodzi yekhayo wa sayansi wa masukulu onse awiri, amene ankawoloka mtsinje njinga ili paphewa. Mayiwa ankajambula maikulosikopu pabolodi ndi choko, mabatani a kompyuta n'kuwalemba pamchenga. Mbuzi ikadutsa phunziro linkayambiranso.

Pakati pa okolopawo panali Zelipa Kanthungo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wa a Nangondo ogulitsa tomato. Mutu wake unali wakuthwa, ndipo chimene ankafuna pamoyo wake chinali chimodzi: kukaphunzira za matenda ku sukulu yaukachenjede. Chaka chathacho anali atalemba mayeso a boma n'kulephera. Gawo lolemba ndi cholembera anakhoza kuposa aliyense m'chigawo. Koma pa gawo loyesa ndi manja, atamuikira patsogolo maikulosikopu yosavala pulasitiki n'kumuuza kuti yamba, manja ake anachita chimene ankadziwa. Anainyamula, napukuta pansi pake ndi mpango, naibwezera pamalo. Woyesayo analemba kuti mwanayu ndi waukhondo, n'kumupatsa ziro.

Lamulo la mayeso linkalola kuyesa kawiri basi, ndipo kunali kutatsala masabata asanu ndi atatu. Akalepheranso, sukulu yathera pomwepo. Mwini chigayo wa m'mudzimo, bambo wa akazi awiri, anali atayamba kale kupereka moni wautali kwa a Nangondo.

Zelipa anapita kukagwada mu ofesi ya ahedi.

"Sala, ndimati mutilole tingosuzumiramo kamodzi kokha. Sitiwononga."

"Iwe Zelipa, kwanu n'kuti?"

"Konkuno, sala. Kumunsi kwa tchalitchi."

"Ndiye ukufuna zinthu za alendo? Amako amakupatsa tiyi m'kapu yagalasi?"

"Ayi, sala."

"Tsono ukufuna ine ndikhale wosalongosoka kuposa amako? Alendo akabwera n'kupeza zala zako pagalasi ndidzawauza chiyani? Kuti zinthu zawo tinkagwiritsa ntchito?" A Mpiringidzo anafumbata kiyi wa m'khosi ngati wina akufuna kuwalanda. "Pita ukawerenge. Chithunzi cha pabolodi chija n'chofanana ndi chenichenicho, ndinayerekeza ndekha."

Zelipa anatuluka misozi ili m'maso, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Lachitatu linali tsiku la msika pa doko la Vulansapato, pamene midzi iwiri ija imakumana. A Nangondo anayala tomato wawo wophwanyikaphwanyika, wabwino atamubisa pansi pa thebulo kudikira alendo. Pambali pawo panali a Nachuma a ku Kuseri, okazinga zitumbuwa, amenenso anali ndi mwana wamkazi wodikira mayeso omwewo.

"Wanga sakudya," anatero a Nangondo.

"Wanga akudya, koma akudya akulira," anatero a Nachuma. "Kwathunso loko ndi yemweyo. Akuti mwana wanga pokolopa ndi katswiri. Mwina boma limupatsa satifiketi ya chikolopa."

"Ine ndimati zinthu zimenezi anabweretsera ana athu."

"Anabweretsera ana athu kuti alendo aone, mayi. Mukusokoneza."

Anaingitsa ntchentche. Kenako a Nachuma, pofuna kusintha nkhani, anati, "Koma zikomo, mwana wanga uja munamulandira bwino sabata yatha. Akuti munamumwetsa tiyi m'kapu yagalasi, Zelipa akumwera m'chitini."

"Nanga si mlendo? Inunso wanga atabwera kwanu munamukhazika pa khushoni. Anasimba sabata yathunthu."

Dzanja la a Nangondo linaima m'malere. A Nachuma nawo anasiya kutembenuza chitumbuwa mpaka chinapserera. Anayang'anana nthawi yaitali, kenako anaseka chikhakhali chimene chinadzutsa agalu onse a pamsika.

Buku la malamulo limanena momveka kuti mlendo ndani: munthu amene wawoloka madzi, wanyamula kathumba, ndipo wanena kuti odi. Amasiya kukhala mlendo akagona pakhomopo masiku atatu. Za munthu wobwerera kwawo madzulo alionse bukulo silinenapo kanthu, chifukwa agogo ake a mfumu sanaganizepo kuti kungakhale anthu okonda kuyenda chotero.

Lolemba mmawa atsikana makumi awiri ndi atatu a ku Pathamsewu anatsetsereka kumtsinje, aliyense kathumba pamutu. Pakati pa madzi anakumana ndi anzawo a ku Kuseri, nawonso timatumba pamutu. Anapatsana moni mwaulemu, n'kupitirira.

A Mpiringidzo anali akuimba belu pamene anamva mawu ambiri pageti.

"Odi kuno!"

Anatembenuka n'kuona nkhope zachilendo zokhazokha, masiketi atanyowa m'munsi. Kumpanda kunali kutaima amayi a m'mudzimo, a Nangondo ali patsogolo manja atapinda.

"Ana inu ndinu a kuti?"

"A ku Kuseri, bambo. Tabwera kudzacheza."

"Nonsenu?"

"Tinakusowani."

"Ahedi," anakuwa a Nangondo, "alendo aima padzuwa. Mukufuna akasimbe kwawo kuti ku Pathamsewu kulibe mwambo? Mutichititse manyazi ife?"

A Mpiringidzo anatuluka thukuta. Anayesa kuwapatsa mipando ya mu ofesi, amayi anati njochepa. Anayesa kuwaonetsa chithunzi cha mfumu, amayi anati alendowo ali nacho kwawo. "Chabwino cha pasukulu pano n'chiti, ahedi? Tinene ife?" anafunsa amayiwo. Munthu wamkuluyo anavula chingwe m'khosi. Loko anavuta kutseguka, chifukwa Lolemba sanalizolowere.

Kutsidya zinayenda chimodzimodzi, a Nachuma ndiwo anali pampanda. Ahedi a kumeneko anafunsa ngati Mayi Likoswe, monga mwini khomo, ali ndi chilolezo chogwira zinthuzo, ndipo mayiwo anayankha kuti mlendo sadzipakulira yekha. Pulasitiki yoyamba anaing'amba ndi mano.

Zelipa anafinya mpendero wa siketi yake, dontho la madzi a mumtsinje linagwera pa kagalasi. Anaika diso. Poyamba anaona mdima, kenako nsidze zake zomwe, ndipo Mayi Likoswe atamugwira dzanja n'kumuonetsa popotokola, mwadzidzidzi munawala. Tinthu tambirimbiri tinali kuthamangathamanga, kugundana, kuzungulira. Mtsikanayo anakuwa ngati waponda njoka, kenako anayamba kulira ndi chimwemwe, ndipo anzake anachita kumukoka kuti nawo aone.

"Amayi," anatero atafika kwawo madzulo, "madzi timamwa aja muli msonkhano."

"Nduna zilimo?"

"Zilimo. Zina zimangozungulira osapita kulikonse."

"Ndiye tiziwiritsa," anatero a Nangondo.

Masabata asanu anatha chomwecho. Atsikana anaphunzira kusakaniza mankhwala osapsa nsidze, ndipo anazindikira kuti mabatani enieni a kompyuta safufutika ukawagwira. Mayi Likoswe ankayenda akuimba. Ahedi onse awiri anaonda, chifukwa mwambo umati mlendo mumuphere nkhuku, ndipo makola awo anayera sabata yoyamba. Mwini chigayo anafupikitsa moni.

Zikanapitirira, koma anaulula ndi mapulasitiki. Amayi a ku Sungirani sataya chinthu. Tsiku lina woyendera maloko wochokera ku Tiwaonetse anaima pamsika kugula chitumbuwa, n'kuona kuti beseni la a Nachuma laphimbidwa ndi pulasitiki yokhala ndi chidindo cha Unduna. Chitumbuwacho sanachimalize.

Bwalo linakumana mwadzidzidzi, mfumu maso ali psuu.

"Ndamva kuti makompyuta anga ayatsidwa! Ndamva kuti pa mabatani pali zala! Mayi wa magalasi uja akabwera adzapeza zinthu zakutha. Amangidwe onse!"

"Wawa, Mwini Dziko," inatero nduna ya zamalamulo ikukanda pamutu, "koma timanga ndani? Atsikanawo anawoloka madzi, ananyamula timatumba, ananena odi. Tikawamanga, dziko lapansi limva kuti Tate wa Alendo wamanga alendo."

Mfumu inakhala pansi. Dzina lakuti Tate wa Alendo linali pa zitenje zonse za m'dzikomo, kuzungulira nkhope yake.

Nduna ina inati aletse timatumba, koma inakumbutsidwa kuti akazi ake ndiwo amasoka. Ina inati amange mlatho, pakuti wosanyowa sanawoloke madzi. Bwalo lonse linadzidzimuka. Mlatho! Chinthu chimene anthu a kumeneko akhala akupempha zaka makumi atatu! Mwamwayi wina anazindikira kuti mlathowo ukakhala wabwino udzakhala wa alendo, eni mudzi azidzawolokabe pansi pake, ndiye kuti atsikana aja adzanyowabe. Nkhani ya mlatho inathera pomwepo, mitima ya nduna n'kukhala pansi.

Apa ndi pamene a Ndavomera, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anabwera ndi ganizo lawolawo. Eni ake anadzidzimuka nalo.

"Mwini Dziko, vuto n'lakuti atsikanawa ndi alendo. Tiyeni tiwakonde. Tilengeze kuti mwana wamkazi aliyense ndi mwini mudzi paliponse pamene waponda m'dziko la makolo ake."

Mfumu inaganiza pang'ono, nkhope inayamba kuwala. "Zimveka bwino pa wayilesi?"

"Zimveka bwino ngakhale kunja, Mwini Dziko."

Mawa lake wayilesi inalengeza katatu pa ola: "Ife Tandioneni Wachitatu, Tate wa Alendo, Mthunzi wa Atsikana, poona kuti ana athu aakazi akuyenda ngati alendo m'dziko lawo lomwe, mtima wathu wasweka. Kuyambira lero mwana wamkazi asatchedwenso mlendo kulikonse mu Sungirani. Sukulu iliyonse ndi yake, labotale iliyonse ndi yake, khomo lililonse ndi kwawo." Maiko akunja anatumiza makalata oyamikira, ena mpaka anati mafumu awo atengerepo phunziro. Maloko atsopano anafika pa lole tsiku lomwelo, pamodzi ndi mapulasitiki.

"Mwamva, mayi? Labotale zonse ndi za ana athu tsopano," anatero a Nachuma pamsika.

"Ndamva. Akapitiriza kutikonda chonchi atilanda ndi mabolodi omwe."

Bambo wina wogulitsa mipini anafunsa ngati lamulolo likukhudzanso apongozi aakazi, chifukwa ake amawoloka mtsinje kawiri pa sabata ndipo sopo wonunkhira akutha.

Kunatsala masabata atatu. Zelipa anachita mantha kwambiri, kuopa kuti manja aiwala. Mmawa uliwonse ankakhala pakhonde akupotokola mpweya ndi zala, diso limodzi atatsinzina, mpaka anansi anayamba kunong'onezana kuti sayansi yamulowa moipa. Pa tsiku la mayeso, ku boma, atamuikira maikulosikopu patsogolo, dzanja linapita lokha ku mpango. Iye analimenya ndi linzake, n'kuyamba ntchito.

Zotsatira zitatuluka, atsikana makumi atatu ndi mmodzi a midzi iwiri ija anali atakhoza, ndipo Zelipa Kanthungo anali woyamba mu ufumu wonse, ndi anyamata omwe. Wayilesi inati izi ndi zipatso za lamulo la mfumu. A Mpiringidzo anauza atolankhani kuti chinsinsi chake ndi kusamala zipangizo.

Kalata inabwera yoitana Zelipa ndi amayi ake kunyumba yachifumu. A Nangondo anayenda ulendo wonse akumwetulira, podziwa kuti mwana akukalandira malo ku sukulu yaukachenjede. Mfumu inafunsa Zelipa mafunso atatu, iye anayankha, mfumu sinamvepo kanthu ndipo inasangalala kwambiri.

"Nduna zanga, mwaona? Chibadwire sindinaone chinthu chabwino chotere m'dziko langa."

"Ndavomera, Mwini Dziko."

"Asungidwe."

A Nangondo anayesa sanamve bwino. Anayenda ndi maondo kufika pafupi. "Wawa, Mwini Dziko, pepani ine ndine munthu wa tomato chabe. Mwanayu amafuna sukulu."

"Mayi, mwana wanzeru chonchi kumutumiza kusukulu? Azikamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku? Atha ngati sopo. Kusukulu tizitumiza apakatikati, uyu ndi wa alendo."

Anamupatsa chipinda pafupi ndi pofikira alendo, gauni yoyera, mpando wa khushoni woti aziima pambali pake, ndi wantchito womusansa fumbi m'mapewa. Kukabwera kazembe chitseko chinkatsegulidwa, Zelipa n'kunena mawu amene anamulembera: "Ndine mtsikana wa sayansi, ndikuthokoza Mwini Dziko." Kazembe akajambula, chitseko chinkatsekedwa. Anzake amene anakhoza pang'ono anapita kusukulu n'kumamulembera makalata osimba zimene akuphunzira. Iye ankawerenga makalatawo mpaka kung'ambika mopinda, ndipo mtima unkamupweteka koposa nthawi ija analephera.

Mwezi wachiwiri a Nangondo anakwera lole kukamuona, atanyamula tomato wa pansi pa thebulo, woyamba kumupereka kwa munthu wa pakhomo pawo. Msilikali wa pageti anawaimitsa.

"Ndinu mlendo?"

"Ndine mayi ake. Koma mitsinje ndawoloka inayi, kathumba aka, ndipo odi."

"Munabadwa mwana wamkazi?"

"Nanga ndikanabadwa chiyani?"

"Ndiye kuno n'kwanu, mayi. Simungalowe."

Tomatoyo msilikali anamulandira, nati ndi wabwino kwambiri moti aperekedwa kwa alendo. A Nangondo anabwerera pa lole yomweyo.

Patatha miyezi inayi kunafika mlendo amene anayambitsa zonsezi, mayi wa magalasi uja. Anali mkulu wa sukulu yaukachenjede m'dziko loyandikana nalo la Gwiritsani. Mfumu inaitana ojambula onse a mu ufumu, ndipo chitseko chinatsegulidwa.

"Ndine mtsikana wa sayansi, ndikutho..."

"Zimenezo ndamva kale kwa akazembe," anatero mayiyo. "Tandiuza, mwana wanga, mudzi ukamadwala m'mimba, ungadziwe bwanji kuti vuto ndi madzi a pachitsime?"

Zelipa anayang'ana a Ndavomera, amene ankamupukusira mutu. Anayang'ana mayiyo. Kenako anayankha, ndipo anayankha nthawi yaitali, manja akugwira mabotolo amene panalibe. Mayiyo anavula magalasi.

"Uli chaka chachingati kusukulu?"

"Sindikuphunzira, mayi. Ndikusungidwa."

Mfumu inaseka monyadira. "Mwaona mmene timasamalira? Ali ngati watsopano."

Apo Zelipa anagwada pamaso pa mfumu, naomba m'manja katatu monga mwa ulemu. Mwana wa a Nangondo ndi mwana wa a Nangondo.

"Wawa, Mwini Dziko. Munanena nokha pamaso pa nduna kuti ndine chabwino cha m'dziko muno."

"Ndinanena, ndipo ndikubwereza."

"Mwambo wa makolo umati chabwino n'cha mlendo. Mlendo ndi awa, Mwini Dziko. Tambala wa mlendo sitingomuonetsa n'kumubwezera m'khola."

Makamera onse anatembenukira kwa mfumu. Nduna ya zamalamulo inayang'ana kudenga. A Ndavomera anatsegula pakamwa, koma ganizo lachiwiri silinabwere. Tate wa Alendo anayang'ana mtsikanayo, nayang'ana makamera, ndipo anasankha chimene ankasankha nthawi zonse. Anamwetulira, natambasula manja.

"Mayi, landirani. Ku Sungirani sitimana mlendo."

Wayilesi inalengeza kuti chilengedwere dziko palibe mfumu inapatsapo mlendo mphatso yaikulu chotere. Zelipa anapempha kuti akatsanzike kwa amayi ake, koma galimoto ya mlendo imayenda pa msewu wa alendo, ndipo msewu umenewo umachoka kunyumba yachifumu kulunjika kumalire osakhota. Anangolemba kalata.

Kalatayo inafika pa doko la Vulansapato tsiku la msika, ndipo Mayi Likoswe anaiwerenga mokweza, anthu onse atasiya malonda. Zelipa analemba kuti wayamba sukulu, kuti ali bwino, kuti maphunziro ndi a zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akuti akamaliza ntchito ilipo komweko. Amayi a pamsikapo anaimba nthungululu. Wa mipini anati iye ankanena kale kuti mwana ameneyu apita patali.

A Nangondo sanaimbe nawo. Anali okondwa, zimenezo n'zoona, chifukwa chimene mwana wawo ankalirira anali atachipeza. Koma anadziwanso kuti nzeru imene inamutulutsa mwanayo m'chipinda cha mfumu anaitengera kwa iwo, ndipo yamupititsa kumene iwo sangafike wapansi.

"Mayi, simukusekerera?" anafunsa a Nachuma. "Mwana wanu wapambana."

"Wapambana ndithu," anatero a Nangondo akupinda kalatayo n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje. "Ine zaka zonsezi ndimayesa ndikulera mwana wanga. Osadziwa kuti ndikungosungira eni ake."